Zithunzi ndi katundu wa agogo: mafunso ndi mayankho

N'chiyani chimakoka anthu pa chinthu chakale chomwe ntchito yake inatha kalekale?

N'chakuti chinthucho chinaliko. Nkhani yapakamwa imasintha ikamayenda kuchokera kwa agogo kufika kwa mdzukulu: uyu awonjezapo, uyo abisa zochititsa manyazi, winanso asokoneza zaka. Koma tengani khobidi lija la bowo pakati, la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinakhala kuyambira 1953 mpaka 1963. Mbali imodzi kuli njovu ziwiri, bowolo lili pakati pawo, ndipo m'mphepete mwake munasalala ndi zala za anthu amene ankagulira mchere ndi machesi. Palibe amene analikonza kuti lidzatisangalatse ife. Linapangidwira ntchito ya tsiku limenelo, n'chifukwa chake umboni wake ndi wodalirika. Mwana amene anabadwa kwacha itayamba kale kugwira ntchito mu 1971 akaligwira amafunsa kuti, "Agogo, limeneli linkagula chiyani?" Pamenepo nkhalamba imene imakhala duu tsiku lonse imamasuka, n'kuyamba kuwerengera za tiki, susu ndi shilingi.

Kodi m'nyumba za anthu wamba mungapezeke zinthu zoterezi? Si za m'nyumba za azungu zimenezo?

Zilimo zambiri, kungoti timaziyesa zinyalala. Muli thiranki yachitsulo imene agogo aamuna anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni pa ulendo wa Wenela, makina osokera a Singer opalasa ndi phazi, wailesi ya Nzeru yopangidwa ku Blantyre, galamafoni yopukusa ndi dzanja. Kumudzi kuli zakale kuposa izi, monga mphero yokumbika pakati ndi khasu losulidwa ndi chitsulo cha m'ng'anjo. Ine zimene zimandikhudza kwambiri ndi mapepala. Khadi la chipani ndi kapepala kongokwana m'thumba la malaya, koma m'nthawi ya chipani chimodzi munthu wopanda kapepalako ankabwezedwa pakhomo la msika kapena pokwerera basi. Wachinyamata amene amamva za Ayufi ngati nthano, akaona khadi lolembedwa dzina la mayi ake omubereka, samatsutsanso.

Chithunzi chimodzi chinganene chiyani chomwe mabuku sananene?

Pali chithunzi cha 1914 chomwe M'busa John Chilembwe waima limodzi ndi mmishonale wachizungu, John Chorley, pa tchalitchi chatsopano cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Onse awiri avala zipewa. Woyang'ana mothamanga sangaonepo kanthu. Koma masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu, ndipo wosavula ankakalipiridwa, mwinanso kumenyedwa. Dandaulo la zipewa linamveka ndithu pamaso pa komiti imene inafufuza za kuukira kwa Chilembwe kwa January 1915. Tsono m'chithunzimo Chilembwe waima pambali pa mzungu, chipewa chili kumutu, nkhope ili kwa wojambula.

Sipanapite nthawi, Chilembwe anaphedwa pa 3 February 1915, ndipo tchalitchicho asilikali a boma anachiphulitsa. Njerwa zinagwa koma chithunzi chinatsala. Patatha zaka zoposa 100, mmisiri wa ku Malawi, Samson Kambalu, anaumba chifanizo chotengera chithunzi chomwechi, n'kuchitcha Antelope. Chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu September 2022, Chilembwe atamukulitsa kuposa Chorley. Chikanakhala kuti pepalalo linadyedwa ndi chiswe, bwenzi chipewa chimenechi palibe amene akuchidziwa lero.

Nanga amene ankajambula zithunzi zoyambirirazi anali ndani?

Ambiri anali amishoni, asilikali, akuluakulu a boma ndi eni minda ya khofi. M'munsi mwa chithunzi mumapeza dzina la mzungu lonse lathunthu, pomwe amuna amene amunyamula pa machila angolembedwa kuti onyamula katundu. Zimenezi zimandipweteka. Aliyense wa iwo anali ndi dzina, mfunda ndi mudzi wake, ndipo mwina zidzukulu zake zimadutsa chithunzicho osadziwa kuti akuona magazi awo.

Komabe kamera sinakhalitse m'manja mwa azungu okha. Mungo Murray Chisuse, amene anaphunzira pa mishoni ya Blantyre ndipo ankagwira ntchito yosindikiza mabuku, anatsegula situdiyo yake ku Blantyre, ndipo ndiye anajambula zina mwa zithunzi za Chilembwe ndi banja lake. Kusiyana kwake kumaoneka msanga. Pamaso pa Chisuse anthu ankabwera mwa kufuna kwawo, atasankha okha suti ndi diresi, n'kukhala momwe akufunira kuti adzakumbukiridwe. Nkhope ya Chilembwe imene timaiona pa K500 ndi K2,000 tikuidziwa chifukwa cha zithunzi za nthawi imeneyo.

N'chifukwa chiyani anthu a m'zithunzi zakale samwetulira?

Ena amati ankaopa kugwedezeka chifukwa kamera inkachedwa kugwira chithunzi. Izi zinali zoona m'zaka zoyandikira 1839, pamene Louis Daguerre anaonetsa luso lake ku France, koma pofika 1900, chaka chomwe kampani ya Kodak inatulutsa kamera ya Brownie, kujambula kunali kwa kanthawi kochepa. Chifukwa chachikulu chinali ulemu. Kujambulitsa kunali mwambo wolipira ndalama zambiri, wochitika mwina kamodzi pa moyo, ndipo munthu wamkulu sakanatulutsa mano pa mwambo wotero.

Kodi n'zoona kuti nsimbi ya makala yokhala ndi tambala pa chotsekera, kapena ndalama ya atsamunda, ingamulemeretse munthu?

Mphekesera imeneyi yazungulira midzi yambiri, ndipo ena amati m'nsimbimo muli mankhwala kapena chitsulo chodula. Mulibe. Nsimbi ndi makobidi oterewa anapangidwa ambirimbiri, ndipo chinthu chopezeka paliponse sichikwera mtengo. Mtengo umachokera ku kusowa kwa chinthu, mmene chasungikira, ndi mbiri yodziwika ya eni ake. Wogula akayamba ndi kukuuzani kuti mulipire kaye ndalama yopimira chinthucho, dziwani kuti mwakumana ndi mbava. Kumbukiraninso kuti zinthu zofukulidwa pansi ndi zina za mbiri ya dziko zimatetezedwa ndi lamulo, sizituluka m'dziko popanda chilolezo.

Kodi kukonda zakale si kusirira nthawi ya atsamunda?

Kukhoza kusanduka zimenezo, ndipo ndimakayikira munthu amene amangousa moyo kuti kale kunali bwino. Mandala House ku Blantyre, yomwe kampani ya African Lakes inamanga mu 1882, ndi yokongola, koma wofika pakhonde pake afunsenso kuti anaponda dothi ndani, anasenza mitengo ndani, ndipo ankalandira chiyani. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, chimatchulidwa ndi dzina la David Clement Scott, koma njerwa zake anaumba ndi kuyala ndi amuna a konkuno. Ndiponso zakale zathu sizinayambe ndi azungu. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pa miyala ndi Akafula komanso Achewa, omwe bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wake mu 2006.

Munthu amene wapeza zithunzi m'thiranki ya malemu achite nazo chiyani?

Choyamba, asadikire. Pamaliro katundu amagawidwa, mapepala amatenthedwa posesa m'nyumba, ndipo chithunzi chikatsala popanda wodziwa anthu ake chimangokhala nkhope za alendo. Atenge zithunzizo apite nazo kwa azakhali kapena amalume akadali moyo, awafunse kuti, "Awa ndi ndani, ndipo apa mpati?" Mayankho alembe kuseri ndi pensulo yofewa, osati bolopeni, chifukwa inki imalowerera ndipo nsonga yake imadinda nkhope. Alembe dzina, mudzi, mfumu ndi chaka, ngakhale chongoyerekeza.

Adani a chithunzi ndi chinyontho, dzuwa, chiswe ndi mphemvu. Chopachikidwa pakhoma loyang'ana zenera chimafufutika, ndipo chokulungidwa m'jumbo nthawi ya dzinja chimachita nkhungu n'kumatana ndi chinzake. Zomatana asazikanule mokakamiza. Aziike m'envulopu ya pepala, m'bokosi lokhala pamwamba, kutali ndi khitchini. Kuzijambula ndi foni n'kutumizira abale pa WhatsApp n'kwabwino, koma chenichenicho asataye, pakuti foni imabedwa ndipo memori khadi imafa. Ngati chithunzicho chikukhudza sukulu, mpingo, ufumu kapena chochitika cha dziko, akachionetse ku National Archives ku Zomba, ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chichiri, kapena ku laibulale ya Society of Malawi m'chipinda chapamwamba cha Mandala House.