Kugawana mafayilo pa makompyuta a pakhomo kuli ndi ubwino, koma khomo lake lifunika loko

M'maboma a Petauke ndi Nyimba, m'chigawo cha kum'mawa kwa dziko la Zambia, kompyuta siipezekanso m'maofesi a boma mokha ayi. Phunziro la makompyuta linayamba kulembedwa pa mayeso a giredi 9 m'chaka cha 2015, ndipo lero m'nyumba zina, makamaka za aphunzitsi, anamwino ndi anthu amalonda, mumapezeka makompyuta awiri kuwonjezera pa mafoni a m'manja. Zipangizozi zimalumikizidwa ku kabokosi kamodzi ka Wi-Fi kotchedwa rauta, ka MTN, Airtel kapena Zamtel. Ena akugwiritsa ntchito Starlink, imene inafika m'dzikolo mu Okutobala 2023.

Kabokosika kamagwira ntchito ziwiri. Yodziwika ndi yobweretsa intaneti. Inayo ndi yolumikiza zipangizo za m'nyumba momwemo, kotero kuti kompyuta imodzi ingathe kutenga fayilo pa inzake popanda kuwononga data, popeza fayiloyo siituluka pakhomo.

Njira imene ambiri anazolowera ndi fulashi. Tsoka lake n'lakuti fulashi yomweyo imapitanso kumalo osindikizirako mapepala, kusukulu ndi kwa anzake a mwana, ndipo kawirikawiri imabwerako ndi vairasi imene imabisa mafoda enieni n'kuika onamizira m'malo mwake. Munthu akangodina onamizirawo, vairasiyo yalowa. Pa chifukwa ichi, kugawana mafayilo kudzera pa rauta n'kwabwino koposa, pokhapokha ngati kwatchingidwa bwino.

Chitsanzo chake ndi mlembi wa kopaletivu ya alimi amene akusunga pakompyuta mayina a mamembala, manambala a ziphaso zawo za NRC ndi manambala a mafoni, pokonzekera kulandira feteleza ndi mbewu za ndondomeko ya FISP. Ngati foda imeneyi yatsegulidwira aliyense, ndipo mawu achinsinsi a Wi-Fi anapatsidwa kwa mlendo kapena mwana wa pakhomo loyandikana, munthu ameneyo angathe kukopa mndandanda wonse ali khale pakhonde. Dzina, nambala ya chiphaso ndi nambala ya foni ndi zinthu zimene akathyali oba ndalama za pafoni amazisaka, chifukwa amazigwiritsa ntchito ponamizira kuti akuimba kuchokera ku ofesi. Dziko la Zambia linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri za anthu, la Data Protection Act, m'chaka cha 2021, ndipo lamuloli limafuna kuti wosunga mbiri za ena azisamale.

Chitetezo chimayambira pa rauta. Rauta ili ndi mawu achinsinsi awiri: olowera pa Wi-Fi, ndi ena olowera m'kati mwa kabokosiko posintha kagwiridwe kake ka ntchito. Achiwiriwa ndi amene amaiwalika, ndipo pa marauta ambiri amakhala mawu oti "admin" monga anachokera ku fakitale. Onse awiri ayenera kusinthidwa, ndipo akhale aatali. Loko wa Wi-Fi akhale WPA2 kapena WPA3. Wakale uja wotchedwa WEP anathyoledwa kalekale, moti wodziwa amautsegula m'mphindi zochepa. Kumana mlendo intaneti n'kovuta pa chikhalidwe chathu, koma marauta ambiri ali ndi netiweki yachiwiri ya alendo, yolembedwa kuti Guest, imene imapereka intaneti popanda kuonetsa makompyuta a m'nyumba.

Pa kompyuta ya Windows, netiweki ya pakhomo iikidwe pa Private, ndipo ina iliyonse, monga ya pamalo ogona alendo kapena ya pasukulu, ikhale pa Public, pamene kompyuta imadzibisa kwa ena. Chogawidwa chikhale foda imodzi yokha, osati disiki yonse, ndipo kugawanako kuzifunsa dzina ndi mawu achinsinsi. Windows imafunsanso ngati mnzakeyo aziwerenga chabe kapena azithanso kusintha. Mwana wofuna zithunzi za pa ukwati kapena mapepala a mayeso akale safunika mphamvu yosintha, chifukwa amene angathe kusintha angathenso kufufuta.

Vuto lalikulu lili pa makompyuta akale, ndipo ambiri ogulidwa pa kaunjika ndi otero. Windows imagawana mafayilo pogwiritsa ntchito njira yotchedwa SMB. Mtundu wake woyamba, SMB1, ndi umene vairasi ya WannaCry inadzera mu Meyi 2017, pamene inafalikira m'mayiko oposa 150 ndi kusokoneza ntchito m'zipatala za ku England. Vairasiyo inkamanga mafayilo n'kulamula dipo, ndipo inkadumpha yokha kuchoka pa kompyuta imodzi kupita pa ina popanda munthu kudina kanthu. Kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chigamba cha vutoli mu Malichi chaka chomwecho, koma ambiri anali asanachiike.

Makompyuta atsopano amabwera SMB1 ili yozimitsa. Choncho kompyuta yakale ya Windows XP ikalephera kuonana ndi yatsopano, okonza ena amangoyatsanso SMB1 kuti ntchito itheke. Kutero n'kutsegulanso khomo lomwe lija. Windows 7 inasiya kulandira zigamba za chitetezo mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 inafika pamapeto a chithandizo chake cha nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta imene sikulandiranso zigamba siyenera kusunga mbiri za anthu ili yolumikizidwa ku intaneti.

Foda yogawana si nkhokwe. Vairasi yolamula dipo ikalowa pa kompyuta imodzi, imamanganso mafayilo a m'foda iliyonse imene kompyutayo ili ndi mphamvu yosintha. Kope lodalirika ndi la pa disiki yapadera imene imazulidwa n'kusungidwa m'kabati ntchito ikatha.

Palinso nkhani ya magetsi. M'chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi m'damu la Kariba, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse la Zambia. Rauta ikazima fayilo ili pakati pa ulendo, imene yafika imakhala yoduka. N'chifukwa chake fayilo iyenera kukopedwa, osati kusamutsidwa, ndipo yoyambayo isafufutidwe kufikira yatsopanoyo itatsegulidwa ndi kuoneka kuti ili yonse.