Musanapachike TV, yambani mwafunsa khoma

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa, kawirikawiri mu Epulo, ndalama sizichedwa kuonekera m'misewu ya Kasungu. Pofika Juni, njinga zamoto zochoka m'tauni kulowera ku Chamama, ku Santhe, ku Chulu kapena ku Nkhamenya zimakhala zitasenza malata, simenti, matiresi, ndi katoni yafulati imene wokwera kumbuyo amaifungatira ngati khanda. M'katonimo muli TV yopyapyala ija timangoitcha pulazima, ngakhale kuti makampani akuluakulu analeka kupanga za plasma zenizeni cha m'ma 2014. Wogulitsa m'sitolo sangakusiyeni mutuluke asanakuonetseni bulaketi, n'kukuuzani kuti masiku ano TV ndi ya pakhoma. Ambiri amatenga, poopa kuoneka otsalira. Komatu funso loti TV ipachikidwe kapena ikhale patebulo silingayankhidwe m'sitolo. Yankho lili kunyumba, mkati mwa khoma lomwe mukufuna kuboolalo, ndipo m'nyumba zambiri za m'chigwa cha fodyachi khomalo likanakhala ndi pakamwa likanakana.

Kasungu ndi kwawo kwa Dr Hastings Kamuzu Banda, amene m'zaka 30 za ulamuliro wake dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi. Ma TV oyamba kufika m'makomo anali amsana waukulu aja, oti ya mainchesi 21 inkalemera makilogalamu oposa 20, pafupifupi theka la thumba la feteleza. Palibe ankalota zoipachika. Inkakhala m'kabati pakati pa mbale za alendo, itafunditsidwa kansalu koluka. Lero ya mainchesi 32 imalemera makilogalamu 4 kapena 5, ndipo ya mainchesi 43 siifika 10. Kupepukaku n'kumene kwatipusitsa, chifukwa tikuona ngati chinthu choti mwana wa sitandade 5 angachinyamule sichingavute khoma. TV yasintha ndithu, koma kamangidwe ka nyumba zathu n'komwe kaja.

Makoma a kuno si amodzi. Alipo a mdindo ndi a zidina, amene ndi dothi lokhalokha. Alipo a njerwa zootcha zolumikizidwa ndi matope, kenako n'kumatidwa pulasitala wa simenti pamwamba, ndipo awa ndiwo amamangidwa kwambiri ndi mlimi amene fodya wamuyendera bwino chaka chimodzi koma simenti sinakwane. Alipo a njerwa zomangidwa ndi simenti kuyambira pansi, komanso a mabuloko amphako, omwe ayamba kufala makamaka kuchokera mu 2018 pamene boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo. Akapakidwa pulasitala ndi penti, onsewa amaoneka chimodzimodzi. Ngakhale njerwa za pa uvuni umodzi sizipsa mofanana. Za pafupi ndi moto zimalira ngati chitsulo mukazigogoda, pomwe za m'mphepete zimafumbutuka ndi chikhadabo, ndipo womanga sataya ngakhale imodzi. Tsono taonani mmene pulagi ya pulasitiki imagwirira. Sikuluwu ikamalowa, pulagiyo imatupa n'kukankha m'mbali mwa bowo, ndipo imagwira pokhapokha ngati m'mbalimo ndi molimba. Njerwa yakupsa siisuntha, matope amangogumuka. Mmisiri akaboola n'kugwera pa mzere wa matope, chobowolera chimalimbana pang'ono ndi pulasitala kenako n'kungolowa ngati m'thumba la ufa. Akapanda kusamala amangomanga choncho, n'kugwedeza bulaketi pamaso panu kuti muone kuti ili gwa. Ili gwadi tsiku limenelo, chifukwa yagwira pa pulasitala wochindikala ngati chala. Idzazuka mu Januwale khoma likamwa chinyezi, itatenga chibenthu cha pulasitalayo, mmisiri atadya kale ndalama yake.

Mtundu wa bulaketi nawo uli ndi mbali yake. Pali yomata pakhoma osasuntha, pali yopendekera pansi pang'ono, ndiye pali yamkono, yomwe mumatha kuikoka ndi kuitembenuza. Yamkonoyi ndiyo imakopa maso m'sitolo, ndipo ndiyo imazunza khoma. Aliyense amene anatungapo madzi akudziwa kuti ndowa yoigwira pafupi ndi thupi imanyamulika, koma mukatambasula mkono ndowa yomweyo imathyola phewa. TV ya makilogalamu 8 ikatalikira khoma ndi theka la mita, mabawuti am'mwamba sakungosenza katundu wolemera cha pansi, akuzulidwa cha kunja, ndipo kukoka kulikonse pofuna kuti aonere bwino amene akhala pakhomo kumakulitsa bowo pang'onopang'ono. Pa buloko yamphako, pulagi wamba imangolendewera m'mphakomo. Pa khoma lopyapyala logawa zipinda, njira yodalirika ndi kuboola mpaka kuseri n'kumanga bawuti yaitali pa chitsulo chafulati kuchipinda chinacho. Ndi amisiri angati amene amafika ndi maganizo amenewa? Ambiri amangogwiritsa ntchito mapulagi amene apeza m'katoni ya bulaketi, omwe anapangidwira makoma a konkire.

Tinene kuti khoma lavomera. Pakubwera funso la msinkhu, ndipo apa ndi pamene ngakhale nyumba zomangidwa bwino zimaphonya. Pakati pa galasi la TV payenera kulingana ndi maso a munthu atakhala pansi, kutanthauza pafupifupi mita imodzi kuchokera pa simenti kwa wokhala pa sofa, ndi kutsikirapo kwa ana ndi amayi amene amakonda pamkeka. Koma lowani m'nyumba zambiri muone. TV ili pamwamba pomwe pankakhala wotchi ndi kalendala, kufupi ndi denga. Tinatengera m'mabala ndi m'nyumba zoonetsera mpira, momwe amaikweza dala kuti anthu 50 aone kudutsa mitu ya anzawo. Pabalaza pa banja la anthu 6 palibe chifukwa choterocho. Mphindi 90 za Bullets ndi Wanderers mutagadamitsa mutu zimatha ndi khosi louma, ndipo ma TV otsika mtengo amada chithunzi mukawaonera cha m'munsi. Kumwambako n'komwenso kumasonkhana kutentha. M'nyumba yamalata yopanda siling'i, mu Okutobala, mpweya wa pansi pa denga umakhala ng'anjo, ndipo zipangizo za mkati mwa TV zimafa msanga ndi kutentha. Malata akamadontha pamene akumana ndi khoma, madzi amatsetsereka pakhomapo n'kulowa kuseri kwa TV, komwe kuli timabowo topumira. Yapatebulo, yotalikirako ndi khoma, madzi otere amaiphonya.

Palinso nkhani ya mawaya, imene wogulitsa bulaketi saitchula. Pa zithunzi zotsatsa malonda TV imaoneka ili yokha pakhoma loyera, chifukwa mawaya anakwiriridwa nyumba ikumangidwa. Kwathu kuno pansi pake pamakhala lendelende: waya wa magetsi, wa dikoda ya GOtv, Azam kapena Kiliye Kiliye, wa eriyo, wa masipika. Dikodayo imafunabe pokhala, ndiye tebulo limene munkafuna kuchotsa limabwerera pomwepo. Mabanja ambiri amaonera za pa fulashi, makwaya ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, ndipo fulashi imazulidwa tsiku ndi tsiku. TV ikamatidwa pakhoma polowetsera pake pali kumbuyo, mwana amapisa dzanja mwakhungu n'kumaikankha, mpaka polowetserapo pathyoke kapena bulaketi igwedere. Kumidzi kumene magetsi a MAREP sanafike, TV imadya batire ya sola, ndipo waya wa mavoti 12 ukatalika mphamvu imathera m'njira, choncho TV ndi batire ziyenera kuyandikana. Komwe kuli magetsi a ESCOM, aliyense akudziwa kuti akathima ndi bwino kuzula pulagi, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali. Chimodzimodzi mvula ya ziphaliwali. Pachidikha ngati cha Kasungu, pamene mitengo yambiri inathera ku zigafa ndi kuwotchera fodya, mlongoti wa eriyo umakhala m'gulu la zinthu zazitali kwambiri pamudzi. Soketi ndi waya wa eriyo zikabisika kuseri kwa TV yomangidwa ndi mabawuti, palibe amene adzazule pakati pa usiku.

Otsutsa ali ndi mfundo, ndipo yolemera kwambiri ndi ya ana. TV yopyapyala imaima pa timiyendo tiwiri tochepa, mwana wokwawa akakoka waya kapena nsalu ya patebulo imamugwera. Ngozi imeneyi si yongopeka. Ku America, bungwe la boma la Consumer Product Safety Commission linayambitsa kampeni ya Anchor It! mu 2015 chifukwa cha ana amene ankavulala ndi kufa pogweredwa ndi ma TV ndi makabati. Koma uphungu wa bungwelo ndi woti chinthucho chimangiriridwe, kaya pakhoma kaya pa mipando yolimba. Tebulo lalifupi, lotambalala, lolemera, TV itamangidwa ndi lamba kapena kachitsulo kuchokera pa mabowo a kumbuyo kwake kufika pa thabwa la tebulolo, limateteza mwana mokwanira. Ndiponso tikumbukire za msinkhu uja. TV yopachikidwa pa mulingo woyenera mwana wa zaka 3 amaifikira ndithu, ndiye kuti muithawitse kwa iye muyenera kuikweza mpaka pomwe ikupweteka khosi la wina aliyense. Ndipo TV yozuka pa zidina kuchokera mamita awiri ndi yoopsa kwa mwana wosewera pansi pake kuposa yogwa patebulo lofika m'mawondo.

Mfundo ina ya otsutsawa, yoti kupachika kumasunga malo, ndi yoona, ndipo siyofunika kulimbana nayo. Masiku ano chimanga sichigona m'nkhokwe panja, chimalowa m'nyumba, ndipo pabalaza pambiri pamakhala mulu wa matumba kuyambira Meyi. Pamalo potero khoma limapulumutsadi mpata, ndipo TV imatalikirana ndi tsache, madzi okolopera ndi nkhuku. Ya akuba ndiyo yofooka. Bulaketi imagwira TV ndi masikuluwu anayi basi, ndipo mitundu yambiri mumangoitukula n'kuikolola. Wakuba amachedwa mphindi zochepa. Chinanso, TV yokwezedwa imawala pawindo usiku, kuuza aliyense wodutsa kuti muno fodya anagulidwa bwino. Chitseko cholimba ndi zitsulo za m'mawindo zimagwira ntchito imene bulaketi singathe.

Chomwe anthu saganizira kwenikweni n'chakuti TV ya ku Kasungu ndi katundu woyenda. Aphunzitsi, anamwino ndi apolisi amasamutsidwa, ndipo amakhala m'nyumba za lendi kapena za kuntchito, momwe mabowo anayi pakhoma ndi mlandu ndi eni nyumba tsiku lotuluka. Ogwira ntchito m'maesiteti, ngakhale lamulo la 2021 linathetsa utenanti, ambiri amakhalabe m'nyumba zosakhala zawo, zomwe angazisiye nyengo ikatha. Ngakhale kwa mwini nyumba, TV imatuluka pakhonde Flames ikamasewera, imabwerekedwa kuchinkhoswe, imalowa kuchipinda banja likapita kumaliro masiku atatu. Ndipo tisanamizane, kwa alimi ambiri TV ndi banki. Yogulidwa mu Juni imatha kugulitsidwa kapena kuikidwa pinyolo mu Januwale, feteleza wobereketsa akafunika kapena ufa ukatha. Chinthu chotero chiyenera kusungidwa chosakalika, miyendo yake ndi katoni yake zili pafupi. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja sagwirika, ndipo galasi la TV likasweka mtengo wokonzetsa umayandikira wa yatsopano. Kupachika ndi kutsitsa kulikonse ndi mpata woti lisweke.

Pali nyumba zimene kupachika n'koyenera: yanuyanu, ya njerwa zakupsa zomangidwa ndi simenti, yosadontha, makamaka ya siling'i. Mukakhala m'nyumba yotere, yezani kaye mabowo anayi a kumbuyo kwa TV musanapite kukagula bulaketi, chifukwa amatalikirana mosiyana, ena mamilimita 100, ena 200, ndipo sikuluwu yotalika kwambiri imaboola zamkati. Sankhani yomata kapena yopendekera, musiye yamkono. Khalani pampando wanu wa masiku onse, wina alembe pakhoma pomwe maso anu afika. Mmisiri akamaboola imani pomwepo, ndipo chobowolera chikalowa mosavuta pa bowo lililonse, muuzeni asunthe. Akamanga, akoke bulaketiyo ndi mphamvu zake zonse TV isanakwere, ndipo soketi ikhale pambali pofikira dzanja. Koma ngati khoma lanu ndi la zidina, la mdindo, la njerwa za matope, kapena ndi la eni ake, ndalama ya bulaketi ipite kwa kalipentala kapena wowotcherera zitsulo wa pamsika, akupangireni tebulo lalifupi lolemera, ndipo TV muimangirire pamenepo.