Kodi mumadziwa? Kaliwo wa chitsononkho

Chitsononkho chomwe kwathu kuno timasonkhera moto tikatha kutonola chimanga, ku America amasemera kaliwo wosutira fodya. Malonda ake anayamba mu 1869 m'tauni ya Washington, m'chigawo cha Missouri, ndi mmisiri wa matabwa wochokera ku Netherlands, Henry Tibbe. Vuto linali loti chitsononkho sichichedwa kupsa. Tibbe anayamba kuchimata pulasitala kunja kuti timaenje take titsekeke, kenaka n'kuchipala mpaka kusalala. Mu 1878 boma linamupatsa chiphaso cha umwini wa lusoli. Kampani yake, Missouri Meerschaum, ilipobe.

Si chimanga chilichonse chomwe amagwiritsa ntchito ayi. Amalima mtundu wapadera wa zitsononkho zonenepa, ndipo amaziumitsa zaka ziwiri asanazibowole. Kudekha kotereku n'kosiririka ndithu.

Poti kaliwoyu ndi wotsika mtengo, eni ake saopa kumusintha. Ena amachotsa kapulasitiki koyamwira n'kuikapo kena kolimba, ena amamudetsa ndi utoto wa zikopa. Pansi pakayamba kupsa, amakanya phulusa la fodya ndi timadzi pang'ono n'kumatapo. Utsi wake, tinene zoona, umawonongabe thupi monga wa fodya aliyense.

Mkulu wa asilikali Douglas MacArthur ankadziwika ndi kaliwo wotere, wakuya ndi wamtali.