Mvula Ikatipeza ku Gold Reef City

M'mwezi wa Disembala, sukulu zikatsekera, Amalaŵi ena okhala ku South Africa, pamodzi ndi abale okaŵachezera, amatengera ana awo ku Gold Reef City, kumwera kwa mzinda wa Johannesburg. Malo amaseŵera ameneŵa anamangidwa pa mgodi wakale wa golide umene unatsekedwa m'chaka cha 1971. Kuli akatungwe aatali ndi tisitima tothamanga pa njanji zam'mwamba, monga Anaconda ndi Tower of Terror. Makolo amasunga ndalama miyezi ingapo kuti akalipire pakhomo. Koma Disembala ndi pakati pa dzinja. Nanga tidzatani ngati mvula itipeza tili komweko?

Choyamba tidziŵe khalidwe la mvula yake. Johannesburg ali pamalo okwera, mamitala oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mvula imagwa kuyambira Okutobala kufikira Malichi. Kaŵirikaŵiri m'maŵa kumacha bwino. Dzuŵa likatentha nthaka, mpweya wachinyezi umakwera, mitambo imaunjikana, ndipo masana imagwa mvula yamabingu, nthaŵi zina yamatalala. Mvula yotere sichedwa kukata. Chifukwa chake banja lanzeru limafika pamene zipata zikutsegulidwa, ana nakwera zapanja dzuŵa likali kuŵala, ndipo zam'nyumba amazisungira masana. Amayi asaiŵale majasi apulasitiki ndi zovala zina zouma za ana aang'ono, pakuti ambulera sathandiza pa mphepo, ndipo mwana wokhala ndi malaya onyowa tsiku lonse amazizidwa.

Chachiŵiri, tiope mphezi koposa kunyowa. Njanji zachitsulo zotalika chotero nzoopsa pa nthaŵi ya mabingu, ndipo antchito akaimitsa maseŵera sayenera kukalipiridwa. Akuteteza moyo wa ana athu omwe. Achinyamata aphunzire njira iyi: mukaona kung'anima, ŵerengani masekondi kufikira mutamva bingu. Masekondi 3 alionse ndi mtunda wa kilomita imodzi. Ngati bingu limveka masekondi 30 asanakwane, mphezi ili pafupi, loŵani msanga m'nyumba yamakoma kapena m'galimoto yotseka. Musausire pansi pa mtengo, kapena pa kakhumbi kopanda makoma. Bingu lomaliza likamveka, dikirani mphindi 30 musanatuluke. Ndipo mitambo isanade, banja ligwirizane malo okakomana, chifukwa anthu akamathaŵa mvula m'chigulu, mwana amasoŵa mosavuta.

Chachitatu, ora la mvula lisatayike chabe. Pamalopa pali nyumba zosonyeza moyo wa anthu a m'migodi kuyambira 1886, pamene golide anapezeka m'dera limeneli. Pafupi pomwepo pali Apartheid Museum, imene inatsegulidwa mu 2001, ndipo njoyenera anyamata ndi atsikana osinkhuka. Kodi ana athu akudziŵa kuti agogo awo ambiri anapita ku Joni kudzera mwa Wenela, nakaloŵa pansi pa nthaka m'migodi yonga umenewu? Dzuŵa likamaŵala, mwana safuna kumva mbiri, mtima wake uli pa katungwe. Koma mvula ikamukhazika pansi pambali pa bambo wake, makutu amatseguka.

Potsiriza tinene ndi inu makolo. Nzopweteka kuona ndalama za miyezi yambiri zikuoneka ngati zapita ndi madzi. Komabe mwana sayang'ana mitambo kwambiri monga ayang'ana nkhope ya atate ake ndi amake. Bambo akayamba kudandaula ndi kuloza mayi chala kuti ndiwo anasankha tsiku loipa, mwana adzakumbukira mkangano umenewo zaka zambiri, ataiŵala kale akatungwe. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Khalani pansi, tsegulani kamba wanu, fotokozani za agogo. Mvula ikakata, mudzapeza kuti ambiri osadekha apita kwawo, ndipo mizere ya anthu yafupika.