Chivomezi chimachokera kuti?

Anthu achikulire a ku Ntengo-Wambalame amene anathawira nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu sangaiwale usiku wa pa 10 Malichi 1989, pamene nthaka inagwedezeka, ziwiya n'kumagwa m'nyumba. Chivomezicho chinayambira cha ku Salima. Chinapha anthu 9 ndipo anthu pafupifupi 50,000 anasowa pogona.

Akatswiri a za nthaka akuti pamwamba pa dziko sipogwirana ayi. Pali ngati mapale a mphika wosweka, ndipo mapalewo amayenda pang'onopang'ono pamwamba pa miyala yotentha ya pansi.

Kumadera ena mapale awiri amagundana, lina n'kumalowa pansi pa linzake. Polowapo limakakamira kwa zaka mazanamazana, kenaka n'kupulumuka mwadzidzidzi. Kumeneko ndiye kumachitika zivomezi zoopsa koposa, ndiponso kumakhala mapiri olavula moto. Pa 26 Disembala 2004, phale lina litapulumuka pansi pa nyanja kufupi ndi Sumatra ku Indonesia, madzi anatukuka n'kusefukira kumtunda. Anthu oposa 200,000 anafa, ndipo mafundewo anakapha anthu mpaka ku Somalia ndi ku Tanzania.

Kuno kwathu nkhani ndi ina. Mapale sakugundana koma akutayana, mamilimita ochepa pa chaka. Pamene akung'ambikirapo pamatitimira, ndipo m'chigwa chimenecho ndi momwe muli nyanja ya Niassa ndi mtsinje wa Shire. Munthu wotsika ndi matumba a mbatatesi kuchoka ku Tsangano kupita kuchigwa amakhala akutsikira m'mng'alu womwewo.

Mng'aluwu sunagone. Pa 23 Febuluwale 2006 chivomezi cha mphamvu ya 7.0 chinagwedeza Machaze m'chigawo cha Manica, n'kupha anthu 4. Mu Disembala 2009 zivomezi zotsatizana zinagwetsa nyumba zambiri ku Karonga.

Mafunde a m'nyanja yamchere sangafike kumapiri kuno. Chimene chimapha munthu kuno ndi khoma la nyumba yake. Nyumba za zidina ndi za njerwa zomangira dothi ndizo zimayamba kugwa, makamaka zokhala ndi ming'alu kale.

Choncho omanga nyumba alumikize bwino makoma m'makona, aike lintala yozungulira nyumba yonse, ndipo denga likhale lopepuka. Nthaka ikayamba kugwedezeka, amene ali pafupi ndi khomo atuluke n'kutalikirana ndi makoma. Amene ali kutali ndi khomo alowe kunsi kwa bedi kapena tebulo ataphimba mutu. Likatha gwedegwede, asathamangire kubwerera m'nyumba yong'aluka, popeza chivomezi chachikulu chimatsatidwa ndi zina zing'onozing'ono.