MPHEKESERA IMENE INAIMITSA KATEMERA WA POLIYO KU KANO

Mayi aliyense amene amabwera ndi mwana ku sikelo amadziŵa timadontho tiŵiri timene anamwino amadontheza m'kamwa mwa khanda. Ameneyu ndiye katemera wa poliyo, matenda opuwalitsa miyendo ndi manja a ana, amene mpaka lero alibe mankhwala ochiza. Mwezi uno tikufotokozerani zimene zinachitika m'dziko la Nigeria pamene anthu anamvera mphekesera nakana timadontho timeneti, pakuti nkhani zonga zomwezo zimamvekanso m'midzi mwathu, ndipo masiku ano zambiri zikufika kudzera pa lamya za m'manja.

Pofika chaka cha 2003 poliyo anali atatsala m'maiko oŵerengeka okha pa dziko lonse lapansi, ndipo Nigeria linali limodzi mwa maikowo. Chaka chomwecho atsogoleri ena a kumpoto kwa dzikolo, pakati pawo dokotala wina wotchuka dzina lake Datti Ahmed, anayamba kulengeza kuti katemerayu anathiridwa mankhwala oti ana aakazi asadzabereke, ndiponso kachilombo koyambitsa Edzi. Mawuŵa anafala m'misika, m'misonkhano, pa wailesi ndi m'nyuzipepala. Akuluakulu a zigawo za Kano, Kaduna ndi Zamfara anaimitsa ntchito ya katemera. Zigawo ziŵirizo zinabweza maganizo patapita miyezi ingapo, koma ku Kano ana anakhala pafupifupi chaka chathunthu osalandira timadonthoti.

Tisafulumire kunena kuti anthu a ku Kano anali mbuli, chifukwa anali ndi bala limene linali lisanapole. M'chaka cha 1996 kunagwa mliri wa matenda oumitsa khosi, ndipo kampani ya ku America yotchedwa Pfizer inachita kafukufuku wa mankhwala ake atsopano, Trovan, pakati pa ana pafupifupi 200 mumzinda womwewo wa Kano. Ana 11 anamwalira, ena anagontha, ena analumala. Makolo anadandaula kuti sanauzidwe kuti ana awo ali pa kafukufuku, pamene kampaniyo inati chimene chinapha anawo ndi matendawo, osati mankhwala. Nkhaniyi inatulukira poyera m'chaka cha 2000 atolankhani a nyuzipepala ya Washington Post ataifufuza, ndipo mu 2009 Pfizer inagwirizana ndi boma la Kano zopereka madola 75 miliyoni. Atolankhaniŵa anagwira ntchito yawo bwino, pakuti chinthu chotere sichiyenera kukwiriridwa. Koma makolo ambiri sanathe kusiyanitsa mankhwala oyesera aja ndi katemera amene anali atateteza kale ana mamiliyoni kwa zaka makumi anayi. Bodza linayenda mosavuta chifukwa linatsamira pa chinthu chimene chinachitikadi, ndipo bodza lotere ndi lovuta kulizula kuposa longopeka.

Zotsatira zake sizinachedwe. Kachilombo ka poliyo kamatuluka m'chimbudzi cha wodwala, nikaloŵa m'kamwa mwa mwana wina kudzera m'madzi, m'chakudya kapena m'manja osasamba. Mwa anthu 200 amene akatenga, amene amapuwala ndi mmodzi. Otsalawo amangoyenda nako osadziŵa, nagaŵira anzawo. Choncho mukaona mwana mmodzi wopuwala m'mudzi, dziŵani kuti kachilomboko kafika kale m'makomo ambiri. Ku Nigeria ana opezeka ndi poliyo anali pafupifupi 200 m'chaka cha 2002, koma mu 2006 anapitirira 1,000. Kachilomboko kanadumpha malire nikaloŵanso m'maiko pafupifupi 20 amene anali atathana nako kale. Kanafika ku Sudan, ku Yemen ndi ku Indonesia, ndipo mu 2004 kanapuwalitsa mwana ku Botswana, kufupi ndi kwathu kuno. 

Nanga zinatha bwanji? Kuopseza ndi kudzudzula sikunathandize. Boma la Nigeria linalola kuti katemerayo apimidwenso, linatumiza nthumwi, pamodzi ndi atsogoleri a chipembedzo, kukaona ndi maso momwe amampimira m'maiko ena, ndipo pomaliza akuluakulu a ku Kano anavomera katemera wopangidwa ku Indonesia, dziko limene ankalikhulupirira. Ntchito inayambanso kumapeto kwa mwezi wa July, 2004. Pambuyo pake mafumu ndi atsogoleri a mizikiti anagwirana manja ndi a zaumoyo, ena nabweretsa ana awo enieni kuti alandire timadonthoti anthu onse akuona. Ngakhale zinatero, panapita zaka zambiri kuti zimene zinawonongeka m'miyezi yochepa ija zikonzeke. Wodwala wotsiriza wa poliyo wachilengedwe ku Nigeria anapezeka mu 2016, ndipo pa 25 August, 2020, Africa yense analengezedwa kuti wathana naye.

Chimwemwecho sichinakhalitse kwathu kuno. M'mwezi wa February, 2022, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti kamtsikana kena ka ku Lilongwe kapezeka ndi poliyo, kwa nthaŵi yoyamba m'Malaŵi chichokere 1992. Atapima, anapeza kuti kachilomboko kanali ka mtundu wa ku Pakistan, dziko linanso kumene mphekesera zotsutsa katemera zasautsa kwambiri a zaumoyo. N'chifukwa chake munaona alangizi a zaumoyo akuyenda khomo ndi khomo kangapo konse.

Mu 2003 bodza linkadalira pakamwa ndi wailesi. Lero munthu mmodzi akhoza kujambula mawu ake, osatchula dzina, nawatumiza pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo dzuŵa lisanaloŵe amveka kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Tinaziona pa nthaŵi ya Covid-19. M'mwezi wa May, 2021, Boma linatentha katemera wokwanira anthu oposa 19,000 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito, ndipo china mwa zifukwa zake chinali mantha obwera ndi nkhani zabodza. Dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 loona za mauthenga a pa lamya ndi pa intaneti, ndipo wogwiritsa ntchito zipangizozi molakwika akhoza kuimbidwa mlandu. Komabe lamulo silingatsegule pakamwa pa mwana ngati mayi wake ali ndi mantha. Mantha amachoka mayiyo akafunsa nayankhidwa mwaulemu, ndipo apa a zaumoyo nawonso ali ndi udindo wosakalipira wofunsa.

Tsono inu makolo, uthenga wonena za katemera ukakupezani, yambani mwafunsa kuti wanena ndani, ndipo iye wamva kwa yani. Mtolankhani weniweni amatchula dzina lake ndi kumene watenga nkhani, ndipo akalakwitsa amapezeka. Mawu ongoti "dokotala wina waulula" alibe mwini, choncho musawatumizire anzanu. Bwerani nayo lamyayo ku sikelo tsiku lopimitsa mwana, mumvetsere uthengawo pamodzi ndi anamwino kapena alangizi, ndipo musaiŵale kutenga khadi la mwanayo kuti aone ngati analandira katemera yense woyenera msinkhu wake.