Zida za Malemu Fred Dibnah, Mmisiri Wokwera Machumuni

Mu mwezi wa Marichi chaka cha 2018, katundu wa pa nyumba ina ya mu mzinda wa Bolton, kumpoto chakumadzulo kwa England, adagulitsidwa pa okushoni. Munthu wosadziŵa akadangoyang'ana katunduyo akadati ndi zotaya, pakuti zambiri zidali zida zakale za ntchito, zitsulo zadzimbiri ndi makina akuda bii ndi mafuta. Komabe anthu adalimbirana zinthuzo, aliyense kufuna kubwerera kwawo ndi kanthu kamodzi kamene kadagwiridwapo ndi manja a mwini wake. Mwini wakeyo adali malemu Bambo Fred Dibnah, mmisiri wokwera nsanja za matchalitchi ndi machumuni a mafakitale, amene pa nthaŵiyo n'kuti atatha zaka 13 ali m'manda.

Kodi munthu wa ntchito ya manja, wovala zovala za mwaye, adakondedwa bwanji chotere? Nanga amene adagula nyundo kapena sipanala pa okushoniyo adapita nacho chiyani kwawo? Mafunso aŵa ndi oyenera makolo ndi achinyamata omwe, chifukwa banja lililonse tsiku lina limaima pakhomo pa womwalira ndi kufunsana chochita ndi zimene wasiya.

Mwana wa mzinda wa utsi

Bambo Dibnah adabadwira ku Bolton pa 28 Epulo 1938. Mzindawu kale udali m'dera lotchedwa Lancashire, lomwe lidatchuka pa dziko lonse chifukwa cha mafakitale opota thonje ndi kuwomba nsalu. Mu 1929 ku Bolton kokha kudali mafakitale a thonje 216. Lina mwa thonje lopotedwa ku Lancashire linkachokera kuno kwathu, ku chigwa cha Shire, kumene bungwe la British Cotton Growing Association linkagula thonje kwa alimi pa nthaŵi ya atsamunda. Makina a m'mafakitalemo ankayendera nthunzi, nthunziyo inkafuna moto wa malasha, ndipo moto uliwonse unkafuna chumuni chachitali cha njerwa chotulutsira utsi kumwamba.

Machumuni otereŵa amang'aluka, amawombedwa ndi mphenzi, ndipo njerwa za pamwamba pake zimaweyeseka. Choncho padali amisiri apadera amene ntchito yawo idali kukwera ndi kukakonza. Fred ali mwana ankaima nthaŵi yaitali kuyang'ana anthu ameneŵa ali m'mwamba, akuwoneka ang'onoang'ono ngati nyerere. Atamaliza sukulu adaphunzira ntchito ya ukalipentala, koma mtima wake udali ku machumuni. Akadali mnyamata adamanga chumuni chokongola pa denga la nyumba ya mayi ake, chachitali kuposa cha nyumba ina iliyonse mu msewu umenewo. Atabwerako ku usilikali ku Germany adayamba ntchito yodzilemba yekha, ndipo ina mwa ntchito zake zoyamba idali kukonza zitsulo zosonyeza kochokera mphepo pa nsanja ya tchalitchi chachikulu cha ku Bolton.

Mmene ankakwerera

Achinyamata aŵerenge bwino gawo ili, kuti awone nzeru zimene zimabisala m'ntchito yonyozeka. Chumuni cha fakitale chilibe pogwira. Bambo Dibnah ankayamba pansi ndi kuboola kabowo m'njerwa ndi tchizulo, n'kukhomeramo kathabwa, kenaka m'kathabwamo n'kukhomeramo chitsulo chokhota. Pa zitsulo zotere ankamangirira makwerero a matabwa ndi chingwe. Akatero ankakwera pa makwererowo, n'kuboolanso pamwamba pake, n'kukoka makwerero achiŵiri ndi chingwe chodzera pa kagudumu, pamene mnzawo wothandiza ali pansi. Ankalumikiza makwerero pa makwerero anzake mpaka kufika pa nsonga. Akafika pamenepo ankamanga nsanja ya matabwa kuzungulira mutu wa chumuni, kapena ankalendeŵera pa kathabwa komangidwa ku chingwe, namagwira ntchito mphepo ikuwomba.

Mwa njira imeneyi adakwera chumuni cha India Mill ku Darwen, chotalika mapazi opitirira 300, chimene mutu wake ndi wotambalala kotero kuti makwerero a pamenepo amapendekera kunja, wokwerayo msana uli ku phompho. Ntchito yotere siilola changu kapena ulesi. Chitsulo chimodzi chokhomedwa mosasamala, kapena mfundo imodzi yomangidwa mwaulesi, ndiye kuti kunyumba kugwa maliro. Lero malamulo a chitetezo cha antchito ku Britain ndi okhwima kwambiri kuposa mmene adaliri masiku amenewo, ndipo nzoyenera kutero, pakuti moyo wa munthu ndi wa mtengo wapatali kuposa njerwa.

Kugwetsa zimene ankazikonda

Pamene Bambo Dibnah ankakhwima pa ntchito, malonda a nsalu ku Lancashire n'kuti akuloŵa pansi. Mafakitale ankatsekedwa, ndipo eni malo ankafuna munthu wogwetsa machumuni koposa wowakonza. Ena ankagwetsa ndi mabomba ophwanyira miyala, koma iwo ankatsata njira yakale. Ankagumula njerwa za pansi mbali imodzi ya chumuni pang'onopang'ono, ndipo paliponse pamene achotsa njerwa ankaikapo mzati wa mtengo, kaŵirikaŵiri zidutswa za mapolo a matelefoni. Chumuni chonse chikatsamira pa mizatiyo, ankaunjika nkhuni ndi matayala akutha, n'kuyatsa moto. Utsi unkatuluka pamwamba komaliza, mizati inkapsa, ndipo chumuni chinkagwera mbali imene iwo adakonzeratu. Akawona kuti chayamba kupendama ankaliza hutala kuti anthu atalikire, iwonso n'kuliyatsa liŵiro.

Pa moyo wawo adagwetsa machumuni 90, ndipo chomaliza chidali cha Park Mill ku Royton mu Meyi 2004. Chodabwitsa nchakuti sankakondwera nayo ntchito yogwetsayo. Ankalemekeza amisiri amene adamanga machumuniwo, ndipo ankakonda kuwonetsa anthu ukatswiri wa kayalidwe ka njerwa chumunicho chisanagwe.

Kutchuka kudawapeza ali pa ntchito

Mu 1978 Bambo Dibnah ankakonza nsanja ya wotchi pa holo ya mzinda wa Bolton pamene atolankhani a BBC adadzacheza nawo. Kucheza kumeneko kudabala filimu yotchedwa Fred Dibnah, Steeplejack, imene Don Haworth adakonza, ndipo idawonetsedwa mu 1979 n'kulandira mphotho ya BAFTA. Anthu a ku Britain adawona bambo wa kapusi yonona ndi mafuta, wa wotchi ya m'thumba yolendeŵera pa katcheni, wolankhula Chingerezi cha kwawo ku Bolton mosachita nacho manyazi, akuseka ndi kusimba nkhani ali pa malo pamene wina aliyense akadagwidwa chizungulire. Sadasinthe kavalidwe kapena kalankhulidwe kuti akondweretse kamera, ndipo anthu adawakonda chifukwa cha chimenecho.

Mphamvu zokwerera zitayamba kuchepa adasanduka mphunzitsi wa dziko lonse pa wailesi yakanema. M'mapologalamu monga Fred Dibnah's Industrial Age a mu 1999 ndi Fred Dibnah's Age of Steam a mu 2003 ankafotokoza mmene milatho, migodi, sitima ndi makina zidapangidwira, akujambula pa pepala ndi dzanja lawo, pakuti adali katswiri wojambula ndi wa zilembo zokongola. Mayunivesite aŵiri, ya Robert Gordon ku Aberdeen ndi ya Birmingham, adawapatsa madigiri aulemu.

Makina a kuseri kwa nyumba

Chimene Bambo Dibnah ankachikonda koposa ndi makina oyendera nthunzi. Adagula chimakina chosalazira msewu cha kampani ya Aveling & Porter, chopangidwa mu 1910, chili chakutha, n'kuchikonza mpaka kuyendanso, ndipo pambuyo pake adachitcha Betsy, dzina la mayi awo. Adagulanso injini yokoka katundu ya kampani yomweyo, ya mu 1912, imene adaikonza kwa zaka zopitirira 20. Akuluakulu adati kuwona maso a nkhono n'kudekha. Kuseri kwa nyumba yawo adamangako malo ogwirira ntchito mmene makina onse ankazungulitsidwa ndi malamba ochokera ku injini ya nthunzi. Atakalamba adayambanso kukumba dzenje la mgodi pabwalo lomwelo, kufuna kuwonetsa mmene malasha ankakumbidwira kale, koma khonsolo ya mzinda idawakaniza chilolezo.

Pano tiyenera kunena zowona, pakuti kukumbukira munthu mwachikondi sikutanthauza kubisa zofooka zake. Nthaŵi ndi ndalama zimene zidapita ku makina zidasoŵa m'nyumba. Mafilimu omwewo adawonetsa kuti ngakhale pamene adatengera banja lawo kokapuma ku Blackpool, kumene kuli nyanja, adakagwirako ntchito ya chumuni. Ukwati wawo woyamba udatha, wachiŵiri udathanso, ndipo adakwatira kachitatu. Abambo amene amakonda ntchito yawo, ngakhale ntchito yabwino ndithu, alingalirepo pamenepa.

Ulendo womaliza

Mu 2001 madokotala adawapeza ndi matenda a khansa. Podziŵa kuti masiku achepa, adalimbikira kumaliza injini ya mu 1912 ija, ndipo mu 2004 adayenda nayo m'madera ambiri a Britain akujambulitsa pologalamu yomaliza, Made in Britain. Adafika nayo mpaka ku London, kumene mu Julayi chaka chomwecho adalandira mendulo ya MBE kuchokera kwa Mfumukazi Elizabeth. Adamwalira pa 6 Novembala 2004 ali ndi zaka 66. Pa tsiku la maliro anthu zikwizikwi adandanda m'misewu ya Bolton, ndipo bokosi lidanyamulidwa pa ngolo yokokedwa ndi injini yomwe ija, mwana wawo wamwamuna ali pa chiwongolero. Mwambo udachitikira m'tchalitchi chimene adakonza nsanja yake ali mnyamata, ndipo adaikidwa ku manda a Tonge, pafupi ndi nyumba yawo. Mu Epulo 2008 anthu adaimika chiboliboli chawo cha mkuwa pakati pa mzinda.

Kumwazika kwa katundu

Zimene zidatsatira ndi zodziŵika kwa aliyense amene adawonapo nkhani za chuma cha masiye. Wilo ya Bambo Dibnah idasiyira chuma ana awo asanu, osatchula mkazi wawo wachitatu, ndipo padabuka mlandu. Nyumba idakhala zaka zingapo isanapeze mwini watsopano. Mu 2010 injini ya mu 1912 idagulitsidwa pa okushoni pa mtengo wa mapaundi 240,000. Amene adagula nyumbayo adaisandutsa malo okumbukirako malemuwo, otchedwa Fred Dibnah Heritage Centre, ndipo alendo ankabwera kudzawona makina ndi dzenje la mgodi lija. Koma malo otere amadya ndalama, ndipo mu 2018 adatsekedwa. Zimene munthu mmodzi adasonkhanitsa pa moyo wake wonse zidamwazikira m'manyumba ambirimbiri.

Okonda malemuwo amasunga zosiyanasiyana. Ena ali ndi zida za ku okushoni ija, ena mabuku amene mwini wake adasainamo, ena atambala achitsulo osonyeza mphepo amene ankapanga ndi kugulitsa, ndipo ena tizidole ta makina a nthunzi timene kampani ya Corgi idatulutsa m'dzina lawo. Tisawaseke anthu ameneŵa. Munthu akagwira chida chimene chigwiriro chake chidasalala ndi dzanja la wina, amamva kuti winayo adalikodi, ndipo adakhetsa thukuta. Ndi chifukwa chomwecho mwana wamasiye amasunga kasemasema wa bambo ake kapena makina osokera a mayi ake, ngakhale atapatsidwa ndalama zogulira zatsopano.

Komabe nyundo yopachikidwa pa khoma siingauze munthu pokhoma. Wogula makwerero sadagule nawo kulimba mtima, kapena khutu lodziŵa kumva ngati chitsulo chaloŵa bwino m'njerwa. Zimenezi zidapulumuka pang'ono chifukwa Bambo Dibnah sadali wouma mtima ndi nzeru zawo. Ankafotokozera aliyense wofunsa, ankalola kujambulidwa akugwira ntchito, ndipo ana awo aamuna adakulira pambali pa makina mpaka kudziŵa kuwayendetsa. Lero achinyamata amene adabadwa iwo atamwalira kale amawonera mafilimu aja pa YouTube, namaphunzira mmene chumuni chinkakweredwera. Chimene adagaŵa ali moyo chidafika kutali kuposa chimene adatsekera m'nyumba.

Mawu kwa makolo ndi achinyamata

Inu makolo amene muli ndi luso la manja, kaya ndi losoka, lomanga, lopala matabwa kapena losula, musadikire kuti ana adzalimbirane zida zanu pa tsiku logaŵa katundu. Aitaneni lero aime pambali panu, agwire chidacho inu mukuwona, alakwitse ndipo muwawongolere. Lembani wilo mukadali ndi mphamvu, ndipo muilembe mwachilungamo, mokumbukira mkazi kapena mwamuna wanu pamodzi ndi ana, kuti dzina lanu lisadzatchulidwe m'bwalo la milandu. Chida chilichonse chipite kwa amene adzachigwiritse ntchito.

Inunso achinyamata, musanyoze munthu chifukwa cha manja ake akuda. Ngati pamudzi panu pali mmisiri wokalamba, pitani mukakhale naye pansi, mumufunse chifukwa chimene amachitira chakuti ndi chakuti, ndipo mulembe zimene akuuzeni. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma amafunika kuwamva mwini wake akadali moyo.